Diso Limodzi la Agogo Latisowetsa Mtendere

Kwathu, cha kumalire a Dedza ndi Lilongwe, munthu wamkulu akasiya kuona sitinkathamangira naye kuchipatala. Tinkamuyalira mphasa pakhonde, n'kumuikira dengu la chimanga choti azitong'ola, basi nkhani yatha. Wina akafunsa kuti chavuta n'chiyani, yankho lidali limodzi: ndi ukalamba. Ena ankanong'onezana za dimba la kudambo limene lidakanganitsa abale, amvekere maso sangothima okha. Zoti ng'ala ndi matenda, ndipo ndi matenda amene madokotala amathana nawo m'mawa umodzi, sizinkabwera m'mutu mwa munthu.

Agogo anga aNambewe, amayi awo a mayi anga, adalowa mumdima pang'onopang'ono. Zidayambira pasingano, ulusi utaleka kulowa. Kenako adayamba kudandaula kuti kunja kwachita nkhungu pomwe kuli dzuwa la Okutobala loswa mtengo. Buku Lopatulika, limene adavutikira kuphunzira kuliwerenga kusukulu ya kwacha ali kale ndi ana asanu, adalikulunga m'chitenje n'kuliika pansi pa sutikesi. Tsiku lina adagwada bwinobwino pabwalo n'kupereka moni waulemu kwa mtondo umene wina adaufunditsa thumba, akuyesa ndi afumu. Tidaseka, iwonso adaseka mpaka misozi. Kuseka kudatha tsiku limene adaponda chikuni chamoto kukhitchini n'kupsa phazi. Kuyambira pamenepo, malo awo adali pamphasa.

Muyenera kuwadziwa mayi ameneyu kuti mumvetse chimene mphasayo idatilanda. Ukwati uliwonse wa m'mudzi thobwa lake linkadutsa m'manja mwawo. Kuchigwirizano ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo mawu awo ankamveka kutsidya kwa dambo. Ankadziwa nkhuku iliyonse ya pakhomo ndi mayi wake, ankadziwa mwana amene wasamba kumaso kokha, ndipo mzere wokhota m'munda ankauona ali panjira. Ine, monga amachitira agogo ndi adzukulu awo aamuna, ankanditcha "amunanga," ndipo ndikabwera kuchokera kutauni popanda shuga ankandiopseza kuti ukwati watha. Ng'ala itakhwima, timwana ta maso titayera mbuu, chimene chinkandiwawa ine si masowo ayi, koma pakamwa pawo. Padazizira. Ukawapatsa nsima ya mibulu ankadya osanena kanthu. Ukabwera chimanjamanja ankangoti, "Mwafika bwino, zikomo." Munthu wodalira dzanja la wina kuti akafike kuchimbudzi amaphunzira kusakhumudwitsa aliyense.

Dzanja limenelo lidali la mwana wa achemwali anga, kamtsikana ka Sitandade 4. Palibe adakhala pansi kugamula kuti iyeyu asiye sukulu. Zidangochitika. Akuluakulu akalawirira kumunda, wina amayenera kutsala wowatungira madzi osamba agogo, wowasuntha dzuwa likafika pamphasa, wothamangitsa nkhuku pa chimanga chotong'olacho. Lero wajomba, mawa wachedwa, mkuja aphunzitsi am'bweza. Anzake akusewera fulaye, iye adali atagwidwa pamkono. Ng'ala ikagwira nkhalamba imodzi, pamakhala mwana wina amene amalipira, ndipo kawirikawiri amakhala wamkazi.

Mankhwala adayesedwa, musaganize kuti anthu adangokhala. Madzi a masamba ena adadonthezedwa m'maso, agogo n'kukuwa usiku wonse. Padabweranso kabotolo kogula kwa mnyamata wina wa pamsika, kamene ankati kamachiza maso, msana ndi kusabereka komwe. Maso adafiira, ndalama zidapita, mdima uli pomwepo. Kudontheza zinthu zosadziwika m'diso kwaononga maso ambiri amene akadachira, poti galasi lakunja la diso likachita chilonda n'kusiya chipsera, kuchotsa ng'ala ya m'kati sikuthandizanso mokwanira. Agogo adangochita mwayi.

Ndiye Lamulungu lina kutchalitchi adalengeza kuti a zamaso abwera kusukulu ya pulaimale, ndipo aliyense amene ali ndi kholo losaona abwere nalo. Adabwera bambo mmodzi panjinga yamoto, chikwama kumsana. Zida zake zidali tochi ndi chikwangwani cha zilembo za E zoloza uku ndi uku. Agogo chikwangwanicho sadachione n'komwe. Zala zimene adawaimikira pafupi ndi mphuno sadathe kuziwerenga. Kenako adayatsa tochi ija.

"Agogo, mukuona kuwala?"

"Ndikukuona."

"Kukuchokera mbali iti?"

"Uku. Tsopano kwapita uku. Mukundiseweretsa eti?"

Bamboyo adamwetulira. Adatifotokozera kuti ngati diso likuzindikira kuwala ndi kumene kukuchokera, ndiye kuti kuseri kwake n'kwamoyo, changotsekeka ndi chitseko. Adalemba m'buku lawo la kuchipatala n'kutchula tsiku limene galimoto idzabwere.

Agogo adakana. Adakana kwamtuwagalu, ndipo wowalimbikitsa kukanako adali alamu awo, aPhiri, mchimwene wa malemu agogo aamuna, amene iwonso diso lina lidali litayamba kuyera. APhiri ankadziwa zonse za opaleshoni ya maso ngakhale adali asadaponde khomo la fiyeta. Malinga ndi iwo, madokotala amakolowola diso, kuliika m'mbale, kulitsuka ndi sopo, ndipo likawapulumuka n'kugwa pansi amangotenga la mbuzi n'kukuikira. "Mlamu, mukapita kumeneko mukabwera mukuona udzu uliwonse ngati ndiwo," adatero. Atsibweni adayesa kuwanyengerera agogo, adalephera. Abusa adayesa, agogo n'kungoti, "Mulungu amene adandipatsa maso ndi yemweyo watenga."

Adawagonjetsa ndi mayi wina wa chigwirizano wa mudzi wa kutsidya, mnzawo wakalekale, amene naye adakhalapo pamphasa zaka zingapo. Adatulukira masana ena yekha, wopanda womugwira dzanja, n'kukhala pansi pafupi nawo. Atapatsana moni adati:

"ANambewe, bulauzi mwavalayi mwaitembenuza. Msoko uli kunja."

Agogo adakhala chete kanthawi. "Inu mwaona bwanji? Si paja ndinu mnzanga wa mumdima?"

"Ndidapita ku Nkhoma. Gwirani pano, diso ndi langa lomwe lija. Mbuzi zathu zonse zili ndi maso awiriawiri."

Madzulo omwewo agogo adauza mayi anga kuti awachapire zitenje ziwiri.

Galimoto idabwera itanyamula kale nkhalamba za midzi ina, aliyense ndi kathumba kake ndi gadiyani wake. Aliyense amene akufuna kumvetsa ntchito ya mabungwe othandiza pa za maso ayambe wayang'ana galimoto imeneyi. Dokotala angathe kukhala ndi luso lotani, koma nkhalamba yosaona, yopanda ndalama ya minibasi ya anthu awiri, yoopa diso la mbuzi, siingadzitengere yokha kwa iye. Pafunika woyenda m'midzi ndi tochi, pafunika mafuta, pafunika nsima ya odwala ndi owadikirira. Zinthu zimenezi sizioneka bwino pachithunzi, koma popanda izo fiyeta imangokhala yotseka.

Pa Kamphata tidasiya msewu wa M1 n'kuloza kuphiri la Nkhoma. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa adakhazikika pamenepa mu 1896, chipatala n'kudzayamba mu 1915, ndipo kwa zaka zambiri mbiri ya Nkhoma m'chigawo chapakati yakhala ya maso. Ntchitoyi yakhala ikuthandizidwa ndi bungwe la CBM, limene lidayamba ndi m'busa wa ku Germany, Ernst Christoffel, amene mu 1908 adapita ku Turkey kukasamalira ana osaona. Si Nkhoma yokha. Pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe pali zipatala za maso zodziwika ndi dzina la Lions, gulu limene Helen Keller, mayi wa ku America amene sankaona kapena kumva, adalidandaulira mu 1925 kuti lidzipereke pa nkhondo yolimbana ndi khungu. Ku Zomba ndi ku Mzuzu nakonso opaleshoni ya ng'ala imachitika. Madokotala akuluakulu a maso m'dziko muno ndi ochepa, n'chifukwa chake malemu Dr Moses Chirambo, amene adakhalapo nduna ya zaumoyo ndipo adamwalira mu 2010, adalimbikira zophunzitsa makiliniko ofesala a maso ku Lilongwe. Ambiri mwa amene amaunika maso m'zipatala za m'maboma adadutsa njira imene iye adalambula.

Kodi ng'ala n'chiyani kwenikweni? Kuseri kwa kamwana ka diso kuli kagalasi kachilengedwe, koonekera mbee, kamene kamasonkhanitsa kuwala n'kukuponya kumbuyo kwa diso. Munthu akamakula, kagalasika kamayamba kuchita mbuu, monga mmene madzi oonekera a dzira amayerera ukaliphika. Matenda a shuga, kusuta fodya, kuvulala padiso ndi dzuwa la zaka zambiri kumunda zimafulumizitsa zimenezi, ndipo ana ena amabadwa nayo. Palibe dontho kapena tsamba limene lingabwezeretse kagalasi kotere. Njira ndi imodzi: kukachotsa n'kuikapo kena. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ng'ala ndiyo ikutsogola pochititsa khungu padziko lapansi, pomwe ndi imodzi mwa nthenda zimene opaleshoni yake ndi yachidule ndiponso yotsika mtengo.

Kagalasi koikirako kali ndi mbiri yokoma. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, dokotala wa ku England, Harold Ridley, adaona kuti oyendetsa ndege zankhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ya zenera la ndege tidawalowa m'maso, masowo sankatupa kapena kukana tizidutswato. Mu 1949, pachipatala cha St Thomas' ku London, adaika kagalasi koyamba ka pulasitiki m'diso la munthu. Kwa zaka zambiri timagalasiti tidali todula, ta mayiko olemera okha. Kuno ng'ala ankangoichotsa n'kukupatsa magalasi okhuthala kwambiri aja amene akuluakulu ena ankamangirira ndi chingwe kumutu. Akasweka kapena kutayika, munthu ankabwerera mumdima. Zidasintha pamene fakitale ya Aurolab idatsegulidwa ku Madurai m'dziko la India mu 1992, ndiponso pamene bungwe la Fred Hollows lidamanga mafakitale ku Eritrea ndi ku Nepal, mtengo n'kugwa mpaka kufika poti mayi wa kumudzi kwathu angathe kuikidwa kagalasi kotere ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino.

Agogo adawayeza BP ndi shuga, adawayeza diso kuti adziwe mphamvu ya kagalasi kowayenera, n'kuwamata kapepala pamwamba pa diso lakumanja. Adauzidwa kuti ayamba ndi limodzi, linalo lidzatsatira likapola loyambali. Sadawagoneke tulo. Jakisoni wa dzanzi pambali pa diso, nsalu kumaso, basi. Dokotala amacheka pang'ono m'mbali mwa diso, kutulutsa kagalasi koyera kaja, n'kulowetsa kapulasitiki, ndipo kabalako n'kochepa moti kawirikawiri sikafuna kusoka. Mphindi 10 kapena 15 zimakwana. Mu Okutobala 2014 bungwe la Sightsavers lidaonetsa pa intaneti opaleshoni yotereyi ikuchitika kuno ku Malawi, Dr Gerald Msukwa ali pantchito anthu a m'mayiko ambiri akuonerera, pofuna kusonkhetsa ndalama za maopaleshoni 1 miliyoni, ndipo pa nthawiyo ankati imodzi imadya mapaundi 30. Ya agogo sidaonetsedwe paliponse, koma namwino adatiuza kuti dokotala adachita kuwapempha kawiri kuti asiye kuyankhula. Ankafunsa ngati mbale ija aibweretsa kale.

Usiku umenewo muwodi simudagoneke. Aliyense adali ndi thonje ndi chophimba padiso, aliyense akufunsa mnzake ngati kukumuyabwa. Agogo adafuna kusuzumira pansi pa bandeji, mayi wa bedi loyandikana nawo n'kuwagwira dzanja: "Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi."

M'mawa adawakhazika pabenchi panja, mzere wautali, magadiyani titaima chapatali. Namwino adayambira kumapeto, akumatula pulasitala, kupukuta ndi thonje, n'kudontheza mankhwala. Bambo woyamba adaphethira, adayang'ana kumwamba, n'kuvula chipewa. Wachiwiri adaloza mtengo wa jakaranda n'kuyamba kuseka yekha osaleka. Mayi wina adakuwa kuti gadiyani wake wavala chitenje chake chatsopano chimene adachisunga m'sutikesi, ndipo avule pompano.

Atafika pa agogo, diso lidatseguka pang'ono, lofiira, likutuluka misozi. Lidatsekeka. Lidatsegukanso. Choyamba adayang'ana manja awo amene adali pamiyendo. Adawatembenuza uku ndi uku, akuona mitsempha ndi makwinya.

"Manja awa ndi a yani? Akalamba liti chonchi osandiuza?"

Kenako adadzutsa mutu, diso lija likuyendayenda pagulu, mpaka lidaima pa ine.

"Amunanga! Ndinu? Nanga dazi ili mwalitola kuti? Ine ndidakwatiwa ndi mnyamata wa tsitsi!"

Gulu lonse lidafa nako kuseka, ndipo ine sindidasangalalepo ndi chipongwe ngati tsiku limenelo. Pakamwa paja padali patabwerera.

Kamtsikana kaja kadaima kumbuyo kwa mayi anga, kakuchita manyazi. Agogo adakaona komaliza kali kocheperako, kasadagweruke mano. Adakadziwa zaka zonsezi ndi mawu ndiponso ndi fupa la pamkono pamene ankagwira. Adakayang'anitsitsa.

"Iwe, tayankhula."

"Ndine, agogo."

"Bwera kuno." Adakagwira pamkono pomwe paja, n'kutsinzina dala kuti atsimikize, kenako n'kutsegulanso. "Ndiwedi. Kodi ndimayenda ndi namwali wokongola chonchi osadziwa? Mphuno iyi ndi ya malemu mayi anga, osachotsa osaonjeza."

Zitatero nthungululu idaphulika, sindikudziwa adayamba ndani. Amayi adamanga zitenje m'chiuno, nyimbo ya chigwirizano idayambika, ndipo amene adaiyambitsa ndi mawu aja omveka kutsidya kwa dambo. Namwino ankathamanga uku ndi uku akuchonderera kuti asadumphe, asawerame, diso likadali laliwisi. Adavina choimirira, mapewa okha ndi m'chiuno, nkhalamba zimene dzulo lake zidalowa pageti zitagwirana mapewa pamzere.

Pamapeto pa benchi padakhala bambo wina amene adalibe bandeji. Adabwera pagalimoto yomweyo, koma atamuyeza adapeza kuti vuto lake si ng'ala. Ndi glaucoma, nthenda imene imaononga mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo chimene yaononga sichibwerera. Ikapezeka msanga amangoiletsa kupitirira. Iye adachedwa. Ankaomba nawo m'manja motsatira nyimbo. Ndimamukumbukira chifukwa chisangalalo cha bandeji chimakopa makamera ndi ndalama, pomwe iye zosowa zake n'zina: ndodo yoyera ndi womuphunzitsa kuyenda nayo, njira yolimira ndi kuchita malonda osadalira mwana, ndi anthu omuona ngati bambo wa pakhomo osati katundu. Imeneyi ndiyo ntchito ya Malawi Union of the Blind ndi bungwe la boma limene tidalizolowera kuti MACOHA. Ana osaona amaphunzira zilembo za Braille, za timadontho 6 towerenga ndi nsonga za zala, m'sukulu monga Malingunde ku Lilongwe ndi Chilanga ku Kasungu, ndipo aphunzitsi awo amasulidwa ku Montfort m'boma la Chiradzulu. Dziko limene lidavina nyimbo za woimba wosaona Allan Namoko wa ku Thyolo siliyenera kuuzidwa kuti munthu wosaona ali ndi zambiri zopereka. Koma mapepala a Braille ndi ndodo zoyera nazonso zimafuna ndalama, ndipo wozipempherera sakhala ndi gule woti aonetse.

Tsopano za kunyumba. Achipatala adapereka malamulo: mankhwala adonthezedwe nthawi yake, diso lisatikitidwe, kwa milungu ingapo asayandikire utsi, asasinje, asapete, asasenze mtolo, ndipo adzabwerenso kudzaonedwa. Tangoganizani. Mayi amene wabwezeredwa maso koma waletsedwa kugwira ntchito amatsala ndi ntchito imodzi yokha, ya ukapitawo.

Galimoto isadazime n'komwe adali ataona kale kuti nkhokwe yapendekeka. Asadalowe m'nyumba adawerenga nkhuku n'kufunsa kumene kudapita nkhuku yamawangamawanga ija pamodzi ndi ana ake. Aliyense adayang'ana pansi. Mbuzi zidapezeka kuti zachepa ndi ziwiri, ndipo nkhani yoti zidagwidwa ndi fisi, imene idagwira ntchito bwinobwino nthawi ya mdima, idayamba kutsimphina pamene diso lija lidaima pa wailesi yatsopano ya atsibweni. Bulauzi yoyera ya chigwirizano idapezeka ndi chipsera cha simbi kumsana, chimene agogo adayenda nacho kutchalitchi mosadziwa kwa nthawi yaitali. Mlandu umenewu sudathebe mpaka pano. Mbale zidatsukidwanso zonse. Pabwalo padasesedwa kawiri. Nsima ya mibulu idabwezedwa kukhitchini.

Ndidawapatsa ndalama ya K5,000, imene idatuluka mu 2022 iwo ali kale mumdima. Adaiyang'ana mbali zonse, adamuzindikira Kamuzu, n'kunena kuti ndalama yaikulu chonchi aisunga ya maliro awo. Atauzidwa zimene ingagule pagolosale masiku ano, adaiyang'ananso kachiwiri n'kufunsa ngati dokotala angathe kuwabwezera ng'ala yawo.

Koma amene adaona zakuda ndi akamwini. Mayi anga aang'ono, chitsiriza cha agogo, adakwatiwa nthawi ya mdima, ndipo bamboyo adadzamanga pamudzi monga mwa mwambo wathu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana ulemu wotalikirana: sakhalirana pafupi, sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatuka. Koma poti apongozi sankaona, bambo uja adatayirira. Ankadutsa pakhonde pomwepo atavala kabudula yekha, mimba ili pamtunda, mswachi uli kukamwa, n'kumangosintha mawu kuti amveke aulemu. M'mawa woyamba agogo atabwera, iye adatuluka monga mwa masiku onse. Adayenda masitepe angapo, n'kumva kutsokomola. Atacheuka, adapeza diso limodzi lofiira likumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Adaliyatsa liwiro kukabisala kuseri kwa nkhokwe yopendekeka ija, patapata mmodzi n'kutsala pabwalo. Agogo adaitana mwana wawo.

"Amuna ako ndi amenewa?"

"Eya, amayi."

"Mawu awo ndi a munthu wochepa thupi. Kawauze avale malaya, ndiponso poti afika kale kunkhokweko, aiwongole."

Atsibweni adayesa kudandaula kuti pamudzi pasowa popumira. Agogo adawayankha kuti, "Ili ndi diso limodzi, achimwene. Likadzabwera linzake mudzasamuka."

Kamtsikana kaja kadabwerera kusukulu sabata yotsatira. Kadabwereza kalasi, koma kakupita tsiku lililonse, ndipo madzulo kamasewera fulaye mpaka mdima. Ufulu wake uli ndi msonkho wake: agogo adagulidwa magalasi owerengera, Buku Lopatulika lidatuluka pansi pa sutikesi, ndipo diso lomwelo limayenderanso makope. Kale mwanayo ankati akafunsidwa za mayeso amangoti "ndakhoza," nkhani n'kutha. Pano agogo amafuna kudziwa chifukwa chimene aphunzitsi amathera inki yofiira yambiri chotere pa mwana mmodzi.

Ndipo adasanduka mlaliki wa ng'ala. Pamaliro, pachigayo, kuchigwirizano, akangoona munthu wamkulu akufufuza njira ndi phazi amamuima kutsogolo n'kumukweza chibwano kuti aone kamwana ka diso. Amawauza amayi anzawo kuti kale m'midzi ya kunyanja ndi kuchigwa kudali nthenda ya trachoma imene inkapindira nsidze m'kati mpaka kukanda diso, ndipo mu 2022 a WHO adalengeza kuti Malawi wathana nayo, dziko loyamba kutero kum'mwera kwa Africa. Izi adazimva kuchipatala ndipo amazinena ngati adagwira ntchitoyo ndi iwo. Bambo wa njinga yamoto uja akabwera, amapeza agogo atamusonkhanitsira kale anthu pansi pa mtengo, mayina ali pamtima, ndi owiringula omwe atawagawa m'magulu: oopa jakisoni, oopa kufera kuchilendo, ndi oopa mbuzi.

Wa gulu lomalizali adatsala mmodzi. APhiri adalimbalimba mpaka diso lawo lachiwiri lidayera, n'kuyamba kuyenda atagwira phewa la mdzukulu. Tsiku la diso lachiwiri la agogo litakwana, iwo adapita okha kunyumba kwa alamu awo m'mamawa, adalamula kuti jekete yawo ipukutidwe, n'kuwakoka pamkono mpaka pagalimoto. APhiri ankati akungowaperekeza.

Pobwera, mudzi wonse udakhamukira kumsewu. Agogo adatsika koyamba, maso onse awiri ali gwa, ndipo akamwini adaoneka akumanga batani la pakhosi. APhiri adatsika pambuyo, okha, wopanda wowagwira, akuyang'ana mitengo, madenga ndi nkhope za adzukulu mmodzimmodzi, milomo ikunjenjemera. Agogo adauza mwana wina kuti azule udzu wa m'mbali mwa msewu. Adaulandira ndi manja awiri, adapinda maondo mwaulemu wonse, n'kuupereka.

"Alamu, ulendo unali wautali, njala yakupwetekani. Nayi ndiwo."

APhiri adauyang'ana udzuwo, adawayang'ana agogo kuyambira kumpango mpaka kuzala za kumapazi, n'kupukusa mutu.

"Udzu ndauona, mlamu, ndi udzu ndithu. Inunso ndakuonani. Koma ndiye mwakalambatu!"

"Dikirani akupatseni kalilole," adatero agogo.